Akadziwotche a banja la Sphingidae: tiwazindikira ndi chiyani kwenikweni?

Nyali_ya_Usiku:
Akuluakulu, moni nonse. Tiyeni tikambirane za akadziwotche a banja la Sphingidae, aja a mapiko osongoka ngati mpeni, amene amaima m'malere kutsogolo kwa duwa n'kumamwa osatera. Anthu ambiri amangoti uwadziwa ndi chitamba chachitali, kampope ka pakamwa komwera timadzi ta maluwa. Ine ndikuona kuti chizindikiro chimenechi chimasocheretsa, chifukwa alipo ambiri m'banjali amene chitamba chawo n'chachifupi kapena sichigwira ntchito n'komwe. Ndiye munthu atagwira kadziwotche wamkulu m'manja, ayambe kuyang'ana pati kuti anene mosakayika kuti ndi wa banja limeneli, komanso kuti ali nthambi iti?

Mai_Mapiko:
Mwayamba bwino achimwene. Chitamba chisiyeni kaye. Yambani ndi thupi lonse: chifuwa chonenepa chodzaza minofu youlukira, mimba yaitali yopita ikuchepa mpaka kunsonga, mapiko akutsogolo aatali ndi opapatiza, akumbuyo aang'ono kwambiri, nthawi zambiri pafupifupi theka la akutsogolo. Kenako tinyanga. Ta Sphingidae n'tolimba, tonenepa chapakati kapena chakunsonga, ndipo mitundu yambiri kunsongako kumapindika ngati kambedza. Kawirikawiri tinyangati sitikhala ngati nthenga. Mukaona tinyanga tonga nthenga pa kadziwotche wamkulu wa mapiko otambalala, ganizani za banja lina la akadziwotche, la Saturniidae. Mukaona tonga ulusi, topyapyala kuyambira kumutu mpaka kunsonga, ganizani za mabanja a Noctuidae kapena Erebidae.

Chomaliza, tembenuzani kadziwotcheyo chagada muyang'ane pamene chifuwa chimalumikizana ndi mimba. A Noctuidae ndi Erebidae ali ndi khutu pamenepo, kabowo kophimbidwa ndi kakhungu kopyapyala m'mbali mwa chigawo chomaliza cha chifuwa. A Sphingidae alibe.

Mkulu_wa_Makabati:
Zoona mayi, koma zonsezo ndi za diso. Amene akufuna umboni wosatsutsika aone mitsempha ya phiko lakumbuyo. Donthezani dontho limodzi la ethanol kunsi kwa phikolo, mamba amanyowa, mitsempha n'kuonekera kwa masekondi angapo lisanaume. Mtsempha woyamba wakutsogolo, Sc+R1, ndi wotsatira wake, Rs, ndi yolumikizidwa ndi kamtsempha kakafupi kopingasa, chapakati pa chipinda chapakati cha phikolo, malo ozunguliridwa ndi mitsempha oyambira kutsinde kwa phiko. Ikadutsa pamenepo mitsempha iwiriyo imayenda moyandikana. Kamtanda kameneko ndiye chidindo cha banjali. Musagwiritse ntchito madzi wamba, sanyowetsa mamba, amangoundana pamwamba ngati pa tsamba la koko.

Chitamba28:
Tisanapite patali tiike kaye mayina m'malo mwake, ena akutiwerenga ndi ophunzira. Gulu lalikulu ndi Lepidoptera, momwe muli agulugufe ndi akadziwotche onse. M'kati mwake muli Bombycoidea, momwe Sphingidae amakhala limodzi ndi Saturniidae komanso Bombycidae, banja la mbozi ya silika. Dzina loti Sphingidae analikhazikitsa katswiri wa tizilombo wa ku France, Latreille, mu 1802. Mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 1,450 m'magulu okwana ngati 200, ndipo yochuluka ili m'madera otentha. Nthambi zazikulu ndi zitatu: Sphinginae, Smerinthinae ndi Macroglossinae. Ena masiku ano amapatula yachinayi, Langiinae, chifukwa cha gulu la Langia la ku Asia.

Dzinalo linachokera ku mbozi, osati kadziwotche. Mbozi ikadzidzimuka imadzutsa mbali yakutsogolo, mutu n'kuupinda pansi, n'kuima duu ngati chosema chija cha Sphinx cha ku Egypt.

Nyali_ya_Usiku:
Chabwino. Tsono nthambi zitatuzo muzisiyanitse bwanji pa kadziwotche wamkulu? Apa mpamene anthu amalozera mtundu wa mapiko, n'kulakwitsa.

Mkulu_wa_Makabati:
Njira yakale ikadagwirabe ntchito. Mu 1903 Walter Rothschild ndi Karl Jordan anagawa banjali pawiri poyang'ana kanthu kakang'ono kwambiri. Pansi pa mutu pali tiziwalo tiwiri taubweya totchinga chitamba uku ndi uku, dzina lake labial palp. Kalikonse kali ndi zigawo zitatu. Mukathyola kamodzi n'kuyang'ana mbali yam'kati ya chigawo choyamba, chakutsinde, mupeza malo osalala opanda mamba. Mwa ena, pamalo osalalapo pali kachigamba ka timaubweya tatifupi tomvera. Amene ali nako iwo anawatcha Semanophorae, ndiwo Macroglossinae a lero. Amene alibe anawatcha Asemanophorae, ndiwo Sphinginae ndi Smerinthinae pamodzi.

Chosangalatsa n'choti kafukufuku wa DNA wa Kawahara ndi anzake wa 2009 anagwirizana ndi kugawa kumeneku: Macroglossinae mbali imodzi, Sphinginae ndi Smerinthinae mbali ina. Zaka zoposa 100, galasi la m'manja ndi makina zanena chimodzi.

Pothyola palp gwiritsani kopanira kosongoka, mugwire kutsinde, mukankhire kunja ndi pansi. Mukakoka kunsonga mutsala ndi zigawo ziwiri zopanda ntchito, choyambacho chitatsalira pamutu. Pa kadziwotche wouma, yambani mwanyowetsa malowo ndi ethanol. Galasi lokulitsa ka 20 likwanira.

Kalondolondo:
Bambo, si aliyense angathyole palp ya kadziwotche wamoyo ali pansalu yowalitsidwa ndi nyali yokopera akadziwotche usiku. Pali njira ya m'tchire. A Smerinthinae ambiri m'mphepete mwa mapiko awo ndi mokumbikakumbika ngati tsamba lodyedwa, mutu ndi waung'ono wolowa m'chifuwa, ndipo akatera sayala mapiko ngati denga, amawatukula pang'ono kutali ndi thupi, mimba itapindikira m'mwamba. Laothoe populi wa ku Europe amachita kutulutsa mapiko akumbuyo kutsogolo kwa akutsogolo, ukamuona umangoti tsamba louma. A Sphinginae ambiri ndi otuwa kapena ofiirira ngati khungwa la mtengo, mapiko atawayala motsetsereka pamsana, mimba ili ndi mizere kapena madontho owala m'mbali. A Macroglossinae ndi osalala ngati chipolopolo, maso aakulu, akatera amaoneka ngati mutu wa muvi.

Mkulu_wa_Makabati:
Njira imeneyo ndi yoyambira, sindikukana. Koma imagwa pa fuko (kagulu ka m'kati mwa nthambi) la Ambulycini. Amenewo ndi a Smerinthinae, koma mapiko awo ndi aatali osongoka ndipo chitamba chawo chimagwira ntchito bwinobwino, amapita kumaluwa. Munthu wongodalira maonekedwe awaika kwina.

Kalondolondo:
Ndavomera. Ndiye tinene kuti mapiko okumbika ndi chitamba chofota zimakuuza kuti ndi Smerinthinae, koma kusowa kwa zimenezi sikukuuza kuti si iye.

Chitamba28:
Tsono ndibwere pa chitamba, poti mwachinyoza mokwanira. Sichizindikiro cha banja, koma n'chothandiza pozindikira fuko ndi gulu, ngati mwachiyeza bwino. Chitamba ndi timachubu tiwiri tophatikizana, pakati pake n'kupanga mpope. Chiyezeni kadziwotche asanaume: lowetsani phini pakati pa mkombero wake, mukoke pang'onopang'ono mpaka chiwongoke pa rula. Chikauma chimathyoka, kapena mbali ziwirizo zimapatukana.

Agrius convolvuli, uja wotuwa wa mizere yofiirira ndi yakuda pamimba, chitamba chake chimafika masentimita 10 kapena kupitirira, kuposa thupi lake. Xanthopan praedicta wa ku Madagascar chimafika masentimita 28. Mbiri yake mukuidziwa: mu 1862 Darwin ataona duwa la Angraecum sesquipedale, lomwe timadzi take tili pansi pa kachubu ka masentimita pafupifupi 30, ananena kuti payenera kukhala kadziwotche wa chitamba chofika pamenepo. Katswiri mnzake wa zachilengedwe, Wallace, mu 1867 analozera ku Xanthopan morganii wa ku Africa. Mu 1903 Rothschild ndi Jordan omwewo anafotokoza wa ku Madagascar n'kumutcha praedicta, kutanthauza wonenedweratu. Kwa nthawi yaitali ankawerengedwa ngati kagulu chabe ka m'kati mwa mtundu wa morganii, mpaka mu 2021 pamene anamukweza kukhala mtundu payekha, poona DNA, ziwalo zoberekera ndi kutalika kwa chitambacho.

Koma m'nthambi yomweyo ya Sphinginae muli Acherontia, wa chithunzi cha chigaza pamsana. Chitamba chake n'chachifupi, kupitirira pang'ono sentimita imodzi, chonenepa ndi cholimba. Si cha maluwa ayi, n'choboolera zisa za njuchi kuti amwe uchi. Acherontia ndi Agrius ali fuko limodzi la Acherontiini. Ndiye taonani, pachibale penipeni, wina chitamba masentimita 10, mnzake imodzi.

Mai_Mapiko:
Pa Acherontia ndiwonjezere. Mitundu ilipo itatu yokha: atropos wa ku Africa amene amafika ku Europe, ndi styx ndi lachesis a ku Asia. Mukamugwira amalira tswii tswii. Si mapiko kapena miyendo imene imatulutsa phokosolo, amakoka mpweya n'kuutulutsa kudzera pakhosi, kachivindikiro kam'kati n'kumanjenjemera. Musaope, saluma ndipo alibe mbola, kungoti minga ya m'miyendo imabaya pang'ono.

Nyali_ya_Usiku:
Mayi, munati alibe makutu. Nanga amathawa bwanji mileme?

Mai_Mapiko:
Ndinati alibe khutu la pachifuwa. Ena amamva ndi pakamwa, zoona zake. M'kagulu ka Choerocampina, momwe muli Hippotion, Theretra, Hyles ndi Deilephila, chigawo chachiwiri cha palp n'chotupa, chodzaza mpweya, mbali yam'kati ilibe mamba. Phokoso la mleme likafika, khoma lakelo limanjenjemera n'kugunda kachiwalo kakang'ono ka m'mbali mwa tsinde la chitamba, kotchedwa pilifer, komwe kali ndi mtsempha womvera. A Acherontiini nawo amamva ndi pilifer yomweyo, koma chogunda chake ndi kambale ka mamba osanjikizana. Magulu awiriwa ali nthambi zosiyana, kusonyeza kuti luso limeneli linabadwa kawiri payekhapayekha. Ndiye bambo aja akamathyola palp aone ndi chigawo chachiwiricho: chikakhala chotupa ndi chosalala m'kati, mwafika kale pa Choerocampina.

Mbozi_Yanyanga:
Nonse mukukamba za akuluakulu, pamene mbozi ndi imene imanena zambiri mosavuta. Mbozi ya Sphingidae ilibe ubweya wautali, ili ndi miyendo yeniyeni 6 pachifuwa ndi miyendo yonenepa ya pamimba mapeyala 5, pa zigawo 3, 4, 5, 6 ndi 10. Nyanga ili pamsana pa chigawo cha 8 cha mimba, kumbuyo, osati kumutu monga ambiri amaganizira. Siluma, sibaya. Nthawi zambiri mbozi imafundula kanayi, ndiye kuti misinkhu isanu, ndipo pa msinkhu woyamba nyanga imaoneka yaitali mopitirira poyerekeza ndi thupi. Mitundu ina pa msinkhu womaliza nyanga imafota, kumangotsala kabatani.

A Sphinginae: khungu losalala, mizere 7 yopendekera m'mbali iliyonse, yokwera chakumbuyo, womaliza n'kukathera pa nyanga. Ya Acherontia atropos nyanga yake ndi yokhakhala, yopindika ngati chilembo S, imadya masamba a zomera za banja la Solanaceae, la tomato ndi fodya, ndi zina. Ya Agrius convolvuli nyanga yake ndi yosalala yokhota kamodzi, imadya za banja la Convolvulaceae, kuphatikizapo masamba a mbatata, ndipo imapezeka yobiriwira kapena yofiirira, ndiye mtundu wa khungu musaudalire.

A Smerinthinae: khungu lili ndi timatuza tambiri ngati sandipepa, ndipo ambiri mutu wake ndi wosongoka pamwamba, wa ngodya zitatu. Wosokoneza ndi Lophostethus dumolinii wa ku Africa, mbozi yake ili ndi minga thupi lonse, ukangoiona uti ndi ya Saturniidae.

A Macroglossinae ambiri: mutu waung'ono, zigawo zakutsogolo zopyapyala zimene zimalowa m'kati ngati kamba, ndi madontho onga maso. Apa werengani bwino pamene pali masowo. Pa Hippotion celerio ali pa zigawo zoyambirira za mimba, lalikulu pa chigawo choyamba. Pa Daphnis nerii, amene amadya chitsamba cha maluwa cha oleander, diso lake labuluu lili pa chigawo chachitatu cha chifuwa. Ikadzidzimuka imabweza mutu, malowo n'kutupa, maso aja n'kutong'oka ngati a njoka.

Kalondolondo:
Achimwene, nanga pupa, msinkhu uja wa pakati pa mbozi ndi kadziwotche? Pamenepo mpamene ambiri amataya, amati ndi kachikwa wamba.

Mbozi_Yanyanga:
A Sphingidae sapanga chikwa cha silika cholimba ngati cha Saturniidae ambiri. Yang'anani chikwama cha chitamba. Pa Agrius convolvuli chimatuluka kunja kwa thupi n'kupindika ngati chogwirira cha jagi. Pa Acherontia palibe chotuluka, ndi yosalala, yofiirira monyezimira. Pa Hippotion ndi Macroglossum kumutu n'kophwatalala m'mbali, kosongoka ngati kunsi kwa bwato. Kudziwa yaimuna ndi yaikazi, onani kunsi kwa nsonga ya mimba: yaimuna ili ndi timatuza tiwiri pa chigawo cha 9, yaikazi ili ndi kamng'alu koyambira pa chigawo cha 8.

Amene akuweta kuti atsimikize mtundu: mbozi ikasiya kudya, khungu n'kuda, n'kuyamba kuyendayenda, yakonzeka. Agrius ndi Acherontia ipatseni dothi lofewa lakuya masentimita 15, lonyowa pang'ono loti mukalifinya lisadonthe, mbozi imodzi chidebe chimodzi, chifukwa zikakhala ziwiri yochedwa imagumula kachipinda ka inzake. Daphnis ndi Hippotion sizikumba, zimangolumikiza masamba ouma pamwamba pa dothi ndi ulusi wochepa. Musafukule masiku 10 asanakwane, khungu la pupa limakhala lisanalimbe, likang'ambika yatha. Ndipo ikani kamtengo kapena nsalu yokhakhala yoti kadziwotche akwerepo akatuluka. Akasowa pokolekera, mapiko amauma atakwinyika, ndipo sawongokanso. Mukaona timazira toyera tomatirira pakhungu la mbozi chakumutu, kawirikawiri ndi ta ntchentche za Tachinidae, mudzatulutsa ntchentche m'malo mwa kadziwotche.

Chitamba28:
Wina afunsa ndithu za aja ouluka masana onga njuchi yaikulu. Cephonodes hylas ndi a gulu la Hemaris mapiko awo ndi oonekera ngati galasi. Amatuluka mu pupa ali ndi mamba otayirira, n'kugwa pa ulendo woyamba. Anthu amawasokoneza ndi akadziwotche a banja la Sesiidae, koma a Sesiidae ndi ang'ono, owonda ngati mavu, pamene awa ndi ojintcha, kunsonga kwa mimba kuli ubweya wotambasuka ngati mchira wa mbalame. Macroglossum nayenso ali ndi mchira wotero koma mapiko ake ali ndi mamba. Onsewa ndi Macroglossinae.

Nyali_ya_Usiku:
Kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi pa wamkulu, popanda kung'amba?

Mai_Mapiko:
Frenulum. Kunsi, patsinde pa phiko lakumbuyo, pali kaminga kotulukira kutsogolo kamene kamakola phiko lakutsogolo kuti awiriwo aziyenda limodzi. Wamwamuna ali ndi munga umodzi wolimba wolowa m'kambedza kotchedwa retinaculum. Wamkazi ali ndi timinga tingapo topyapyala togwidwa ndi ubweya. Tukulani phiko lakutsogolo pang'ono ndi phini, muona. Pa a Smerinthinae ena kachiwalo kameneka n'kofota, pamenepo onani tinyanga: ta wamwamuna n'tonenepa ndipo kunsi kwake kuli mizere ya timaubweya.

Mkulu_wa_Makabati:
Nditseke mbali ya kasungidwe, chifukwa zizindikiro zonse takambazi zimawonongeka ngati chitsanzo chasamalidwa molakwika. Choyamba chotsani mwendo umodzi wapakati muuike mu ethanol wa 96 peresenti, wa DNA. Kachigawo ka DNA kamene amayeza pozindikira mtundu, ka jini yotchedwa COI, n'ka zilembo 658. Chitani zimenezi musanaike kadziwotche m'bokosi lofewetsera, chinyezi chimawononga DNA.

Akadziwotchewa ndi amphamvu. M'botolo lophera amamenya mapiko mpaka mamba a pamsana kutha, pamene chithunzi cha pamsanapo n'chofunika. Kuli bwino kumuika m'envelopu mapiko atapindidwa m'mwamba, n'kumuika mufiriji youmitsa usiku wonse. Phini ya nambala 3 pakati pa chifuwa. Minofu yawo ndi yolimba, ndiye poyala mapiko musakoke ndi phini pakhungu la phiko, ling'ambika. Kolani kuseri kwa mtsempha wonenepa wakutsogolo. Asiyeni pathabwa loyalira mapiko milungu itatu kapena inayi. Mukawachotsa msanga mapiko amagwa.

Mavuto awiri amabwerabwera. Loyamba, mafuta: mimba imada n'kunyezimira, mafutawo n'kufalikira kumapiko, makamaka aamuna. Thyolani mimba, muiviike mu acetone, mankhwala osungunula mafuta, tsiku limodzi kapena awiri, musinthe mpaka asiye kuchita chikasu, iume, muimatenso. Lachiwiri, kubiriwira kumathawa. Daphnis nerii, Euchloron megaera ndi Basiothia medea akakhala m'chinyezi kapena padzuwa amasanduka achikasu kapena ofiirira. Ayaleni akadali atsopano, muwasunge mumdima. Ichi n'chifukwa china chosadalirira mtundu wa mapiko: Euchloron wakale m'kabati safanana ndi wamoyo.

Kalondolondo:
Nanga aja ofanana ngati mapasa, monga a Nephele, Temnora ndi Polyptychus?

Mkulu_wa_Makabati:
Pa Nephele kadontho kasiliva ka pakati pa phiko lakutsogolo kamathandiza, koma kamasintha, mwa ena a mtundu womwewo kamasowa. Pamenepo palibe kuchitira mwina, ndi ziwalo zoberekera basi. Dulani mimba, muiviike mu KOH (potassium hydroxide, mankhwala osungunula minofu) wa 10 peresenti usiku wonse osatenthetsa, kapena mphindi 15 mpaka 20 kachubu kali m'madzi otentha osawira. Tsukani m'madzi, chotsani mamba ndi kaburashi kofewa, mukoke ziwalozo pansi pa maikulosikopu. Pa wamwamuna onani harpe, kachiwalo kolimba ka m'kati mwa valva (chogwirira wamkazi pokwerana), komanso mano a kunsonga kwa aedeagus (chiwalo chachimuna). Mukachedwetsa mu KOH zonse zimafewa n'kuyera mbee, mano aja osaonekanso. Mukafulumira, mafuta ndi minofu zimaphimba. Valani magalasi, KOH amawotcha maso.

Mbozi_Yanyanga:
Bambo mwaiwala chimodzi. Aamuna ambiri ali ndi mamba akuluakulu olimba kunja kwa valva, amene ena amakhuza pamimba kutulutsa phokoso losokoneza mileme. Chiwerengero chake ndi kukula kwake zimathandiza pozindikira, koma kaburashi kaja kamawasesa. Awerengeni ndi kuwajambula musanatsuke.

Mkulu_wa_Makabati:
Mwandikumbutsa bwino. Ndipo nambala imene mwalemba pa kachubu ka ziwalo ndi ka mwendo ikhale yomweyo ili pa lebulo ya paphini, yolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu ethanol.